Ndidzale maluwa ati m'miphika oti apirire kutentha kwa ku Mangochi kuno?

NaBanda

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumasunga maluwa kunyanja kuno.

Ndinabwera ku Mangochi chaka chatha kuchokera ku Zomba, anandisamutsa kuntchito. Ndikuchita lendi nyumba kufupi ndi msewu wopita ku Monkey Bay, mukangotuluka pang'ono pa boma. Nyumbayi ili ndi makonde awiri. La kumaso layang'ana kumadzulo, pansi ndi pa simenti, pamwamba malata opanda siling'i, ndipo dzuwa limalowa kuyambira cha m'ma 1 koloko masana mpaka kukalowa. Mwezi wa Okutobala simungapondepo opanda nsapato. La kuseri lili pansi pa mtengo waukulu wa mango. Dzuwa limangosuzumira m'mawa, kenako tsiku lonse ndi mthunzi.

Eni nyumba anandiuza kuti ndisakumbe pabwalo, ndiye chilichonse chiyenera kukhala m'miphika. Pobwera ndinanyamula geranium, impatiens ndi fern amene mayi anga anandipatsa. Kwathu maluwa amenewa amangokula okha, palibe amawalabadira. Kuno anakhala bwino mu Juni ndi Julayi, koma kutangoyamba kutentha geranium anachita chikasu, tsinde linada m'munsi n'kuwola. Impatiens ankalefuka masana aliwonse ngakhale ndimuthirire m'mawa, mpaka tsiku lina sanadzukenso. Watsala fern yekha, nayenso nsonga zapsa. Zinandiwawa kwambiri chifukwa ndi zinthu zochokera m'manja mwa mayi anga.

Zoti mudziwe musanandiyankhe: ndimachoka pakhomo m'mamawa n'kubwerako madzulo, ndipo mwezi ukatha ndimakaona makolo masiku angapo. Madzi a pampopi akasiya timatunga pamjigo, ndipo a pamjigopo amamveka kamchere. Mpanda ndi wa udzu, mbuzi za anthu zimapeza polowera. Ndili ndi mwana wazaka zitatu amene chilichonse akagwira chimathera m'kamwa. Ndalama zogulira miphika yodula ndilibe.

Ndiye ndi maluwa ati amene angapirire khonde la kumasolo, nanga la kuserilo ndiikeko chiyani? Ndikufuna oti azichitadi maluwa, osati masamba okhaokha.

Che Wamaluwa wa ku Nkope

Zikomo mayi, takulandirani kunyanja. Ine ntchito yanga ndi ya m'maluwa, ndakalambira m'makoteji a m'mbali mwa nyanja muno kuyambira ku Namiasi mpaka kuno ku Nkope. Zimene mwafotokozazi ndimaziona chaka ndi chaka. Abwana amafika Lachisanu galimoto itadzaza maluwa okongola ogula m'mbali mwa msewu ku Blantyre kapena ku Lilongwe, kundisiyira, pobwera mwezi wamawa n'kupeza theka latha.

Dzanja lanu lilibe vuto. Zomba ili pamtunda, m'tsinde mwa phiri, usiku kumazizira. Ife tili m'chigwa, ndipo Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 35, usiku womwe thukuta lili kamukamu. Geranium dzuwa amalipirira, koma amafuna usiku wozizira kuti apumule. Akausowa amafooka, munthu poona wafooka amawonjezera madzi, ndiye mizu imaphikika m'dothi lonyowa lotentha. Tsinde lakuda lija linachokera pamenepo. Maluwa ambiri a m'miphika kuno amafa ndi madzi ochuluka kuposa amene amafa ndi ludzu.

Tiyambe ndi khonde la kumadzulolo, chifukwa ndilo lovuta. Dzuwa la masana ndi loopsa kuposa la m'mawa, simenti imasunga moto, malata nawonso akuwotcha kuchokera kumwamba.

Woyamba amene ndingakupatseni ndi vinca. Mwamuona kale, kaduwa ka timasamba tisanu, kapinki kapena koyera kokhala ndi kadiso kofiira pakati, masamba obiriwira onyezimira. Amamera yekha m'mbali mwa mipanda ndi m'mabwinja, ndiye anthu amamupeputsa, koma palibe duwa limene limagwira ntchito kuno ngati iyeyu. Amachita maluwa chaka chonse, ndipo maluwa ake satseka, mukamabwera kuntchito madzulo mudzawapeza. Musagule. Mvula yoyamba ikagwa timbande take timamera mbwee pansi pa akuluakulu, mungopempha kwa anansi, kuzula tating'ono ndi dothi lake n'kuokera madzulo. Akafika kutalika kwa chikhatho mutsineko nsonga kuti achite nthambi, apo ayi amangosongoka n'kukhala tsinde limodzi. Chimene amadana nacho ndi kumira m'madzi mu Januwale ndi Febuluwale, ndiye asakhale pamene madzi a padenga amagwera. Mbuzi kawirikawiri zimangomununkhiza n'kudutsa.

Anthu ambiri akuuzani za portulaca, amene ena amati ten o'clock, wa timasamba tonenepa ndi maluwa amitundumitundu. Kupirira kwake n'kosakayikitsa, kanthambi mukathyola n'kungobaya m'dothi kagwira. Koma kwa inuyo ndili ndi chikayiko. Maluwa ake amatseguka dzuwa likakwera m'mawa, pofika chakumadzulo atseka. Inu nthawi imeneyo muli kuntchito, ndiye muzingomuona Loweruka ndi Lamulungu. Komanso amafuna dzuwa lambiri la pamutu, ndiye ngati mukumufuna muikeni pasitepe, kunja kwa denga, osati m'kati mwa khonde.

Tsopano bougainvillea. Ameneyu ndiye ndikanakonda mumuganizire mofatsa, chifukwa angakuthandizeni pawiri. Mumuike mumphika waukulu, kaya theka la diramu kaya mphika wa simenti, pakona ya khonde, n'kumangira waya kapena nsungwi kuchoka pa nsanamira ina kufika pa inzake kuti aziyanga pamenepo. Pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri adzayamba kutchinga dzuwa la masana, khoma la chipinda chochezera n'kusiya kuwotcha usiku. Chinsinsi chake n'chakuti amachita maluwa akamavutika pang'ono. Mukamamuthirira tsiku ndi tsiku n'kumamupatsa manyowa ambiri, adzakupatsani masamba ndi minga basi. Musiyeni dothi liume mpaka nsonga ziyambe kuwerama, kenako mumuthirire mokwanira. N'chifukwa chake mumamuona atafiira psuu m'chilimwe, pomwe dzinja amangobiriwira. Mizu yake ndi yosachedwa kuduka ndipo sakonda kusunthidwasunthidwa, ndiye mphika umene mwamuikamo ukhale womwewo. Mbuzi zimamudya ameneyu, akali wamng'ono mutchingireni.

Ena awiri opirira zedi ndi crown of thorns ndi desert rose. Crown of thorns ndi waminga, timaluwa tofiira kapena tachikasu tosatha chaka chonse, mutha kumuiwala sabata yathunthu osadandaula. Desert rose tsinde lake limatupa m'munsi ngati kamlambe kakang'ono, ndipo m'menemo ndimo amasunga madzi. Nyengo yozizira amayoyola masamba, anthu n'kumaganiza kuti akufa, n'kumamuthira madzi mpaka kumuwoletsa. Akayoyola masamba muchepetse madzi, osati kuwonjezera. Dzinja akhale pansi pa denga. Onse awiriwa utomoni wawo ndi woipa, ndiye poti muli ndi mwana akhale pamwamba.

Za dothi. Musatenge makande a kudambo. M'mphika amagwirana, akanyowa amasanduka phala, akauma amang'aluka n'kudula mizu. Musatengenso mchenga wokhawokha wa pabwalo, madzi amangodutsa. Ine ndimasakaniza ndowa ziwiri za dothi lakuda la pansi pa mitengo, ndowa imodzi ya mchenga wokhakhala wa kumtsinje, ndi ndowa imodzi ya manyowa a mbuzi kapena a ng'ombe owolerana bwino, oti mukawagwira akufumbutuka ndipo sakununkha. Manyowa aawisi amawotcha mizu. Kwa desert rose ndi crown of thorns mchenga ukhale theka, n'kuonjezera timakala tophwanyika totsala pansi pa thumba.

Mphika uliwonse ukhale ndi mabowo pansi, osati limodzi ayi, ndipo ukhale pa njerwa ziwiri. Njerwazo zimaupatula ku moto wa simenti, madzi amatuluka bwino, ndipo chiswe chikayamba kumanga njira mumachiona msanga. Pulasitiki wakuda pa khonde la kumadzulo ndi woopsa. Tsiku lina mudzagwire m'mbali mwake cha m'ma 3 koloko, mudzamva zimene mizu ikumva. Mupakeni laimu kapena penti yoyera, kapena mumukulunge ndi chidutswa cha mkeka wakale. Mphika waukulu umodzi ndi wabwino kuposa ting'onoting'ono tisanu, chifukwa suchedwa kuuma komanso sutentha mpaka pakati.

Pothirira musayendere tsiku, yenderani chala. Lowetsani chala m'dothi mpaka mfundo yachiwiri. Ngati mukumveka chinyezi, dutsani. Ngati mwauma, thirani mpaka madzi atulukire pansi, m'mamawa musanapite kuntchito.

Khonde la kuseri ndikuuzeni zoona: maluwa okonda mthunzi amene amapiriranso kutentha kwathu kuno ndi ochepa. Odalirika ndi awiri. Peace lily, wa masamba aatali obiriwira ndi duwa loyera, amakhala bwino mumthunzi ndipo akamva ludzu masamba ake amalefuka, mukamuthirira pofika madzulo wadzuka. Wina ndi crossandra wa maluwa a olenji, amene kutentha amakukonda ndithu bola dzuwa la masana lisamumenye. Otsalawo kukongola kwawo kuli m'masamba: coleus wofiira ndi wachikasu, spider plant, snake plant. Musawanyoze. Coleus mphika umodzi umawala kuposa maluwa ambiri, ndipo kanthambi kake mukaika m'kapu ya madzi kamatulutsa mizu pasanathe sabata ziwiri.

Samalani ndi mangowo. Ino ndi nthawi yake, akamagwa amathyola maluwa, ndiye miphika ikhale m'kati mwa denga. Ndipo mphika mukauika pa dothi penipeni, mizu ya mtengo imalowera m'mabowo kudzaba madzi ndi manyowa.

Fern wanuyo sanafe. Dulani masamba opsawo, muikeni pakona ya mthunzi kwambiri, mvula ikayamba aphukira.

Abiti wa ku M'baluku

Achemwali, moni. Che Wamaluwa anena zambiri zabwino, koma pa crown of thorns ndi desert rose ine ndikukana. Mwana wazaka zitatu palibe pamwamba pamene safika, amakoka mpando n'kukwera. Crown of thorns ndi m'bale wake wa nkhadze, utomoni woyera uja ndi womwewo. Kuno mwana wa aneba anathyola nkhadze ya pampanda n'kudzitikita m'maso, usiku wonse tinachezera kuchipatala, diso litatupa osatseguka. Anachira, koma ine kuyambira pamenepo chomera cha utomoni wamkaka pakhomo panga sichilowa. Dikirani mwana akule, maluwawo sathawa. Ndipo aliyense amene zoterezi zingamugwere, tsukani disolo ndi madzi oyera ambiri kwa nthawi yaitali, kenako thamangirani kuchipatala, osathiramo zina ndi zina.

Vinca nayenso si wodya, peace lily akatafunidwa amayabwa m'kamwa. Amenewo ine ndinapachika m'mwamba ndi waya ku mitanda ya denga, m'zigubu za mafuta ophikira za malita 5 zodula pakamwa. Mbuzi sizifika, mwana safika, ndipo khonde limaoneka bwino.

Apansi oti mwana akhoza kugwira popanda nkhawa ine ndimadzala zinnia ndi marigold. Amenewa ndi a njere. Mukaona kwa munthu mutu wa duwa wauma, pemphani, mukafikise m'manja, njere zili momwemo. Ndimafesa kumapeto kwa mvula, cha mu Malichi kapena Epulo, ndipo amandisangalatsa nyengo yonse yozizira. Ndikamathyola maluwa ofota amatulutsa ena. Akatha ndimasunga njere mu envelopu n'kudikira. Si okhalitsa ngati bougainvillea, koma mwana amakondwa kuona chinthu chimene wafesa yekha chikumera. Wanga ndinamupatsa chigubu chakechake, ndipo kuyambira pamenepo anasiya kuzula anga.

Miphika musavutike nayo mtima. Zigubu za malita 20 zong'aluka, ndowa zothyoka chogwirira, mabeseni obooka, zonsezo ndi miphika. Tenthetsani msomali waukulu pambaula, boolani pansi malo asanu kapena asanu ndi limodzi. Mitsuko yadothi imene yasiya kusunga madzi ndiye yabwino koposa chifukwa mizu imakhala pozizira, kungoti imauma msanga. Pa mbuzi, uzani mnyamata akukhomereni kathandala ka nsungwi kofika m'chiuno, kotsamira khoma.

Chinanso, pitani kuchigayo cha mpunga mukapemphe mankhusu. Mukawaza pamwamba pa dothi m'mphika, chinyezi chimakhalitsa ndipo dothi siliuma gwa. Nthawi ya mwera, Juni mpaka Ogasiti, mphepo imaumitsa miphika kuposa mmene mungaganizire ngakhale kunja kukuzizira, imagwetsanso miphika yaitali yopepuka. Fumbi likakuta masamba muziwatsuka.

Madzi akavuta ine ndimathirira otsukira mpunga ndi otsukira ndiwo zamasamba. Ochapira a sopo waufa ayi, otsukira mbale a mafuta ndi mchere ayinso. Ndipo timbale toika pansi pa miphika tija, ngati muli nato, muzitaya madzi ake. Udzudzu wa kuno mwauona kale, tisamauwetenso pakhonde.

Ngati mumawoloka mlatho kubwera mbali ino, coleus ndili naye wa mitundu itatu, mudzathyole.

Mphunzitsi wa ku Namwera

Mayi NaBanda, ine ndili kumtunda kuno ku Namwera, ndipo geranium amene wakukanani kumeneko, kuno ali pakhonde panga wachita maluwa. Boma ndi limodzi, koma mukangokwera mapiri a Chowe nyengo yasintha. Ndiye amene akukupatsani malangizo muziyamba mwawafunsa kuti amakhala mbali iti. Ngati geranium wa mayi anu mukumufunabe, katengeni nthambi zina mu Epulo, musangalale naye nyengo yozizira, Seputembala akamayamba mum'bwezere ku Zomba. Impatiens kwawo ndi konkuno kum'mawa kwa Africa, kuyambira ku Kenya mpaka ku Mozambique, koma amamera m'nkhalango zachinyezi ndi m'mbali mwa timitsinje, pamthunzi. Pa boma pamenepo mu Okutobala masamba ake amataya madzi mofulumira kuposa mmene mizu ingakokere, n'chifukwa chake ankalefuka dothi lili lonyowa.

Ndiwonjezere za kayendedwe ka dzuwa, poti ndi zimene ndimaphunzitsa. Mangochi ili pa madigiri pafupifupi 14 ndi theka kumwera kwa equator, mzere wogawa dziko lapansi pakati. Dzuwa limadutsa pamutu penipeni kawiri pachaka, kumayambiriro kwa Novembala ndi cha pakati pa Febuluwale. Pakati pa nthawi ziwirizi limapendekera kumwera pang'ono, miyezi ina yonseyo limakhala chakumpoto, makamaka mu Juni. Pa khonde lanu la kumaso, mu Juni dzuwa lizilowera chakumpoto kwa kumadzulo, mu Disembala chakumwera kwa kumadzulo. Kona imene ili ndi mthunzi lero si imene idzakhale nawo mu Juni. Loweruka lina mukhale pakhomo, mulembe ndi choko pasimenti pamene mthunzi wafika 12 koloko, 2 koloko ndi 4 koloko, mudzabwerezenso nyengo ikasintha. Mudzadziwa malo a mphika uliwonse popanda kufunsa munthu.

Ndipo poti la kumaso layang'ana kumadzulo, la kuserilo layang'ana kum'mawa. Kadzuwa ka m'mawa kamene mukuti kamangosuzumirako ndi chuma. M'mphepete mwa khonde limenelo, pamene kamafika maola awiri kapena atatu, yesani amaryllis ndi kalanchoe. Amaryllis ndi wa anyezi wamkulu pansi, amatha miyezi osafuna chisamaliro, kenako cha mu Seputembala kapena Okutobala amatulutsa phesi lalitali la maluwa akuluakulu ofiira. Podzala, khosi la anyeziyo likhale kunja kwa dothi. Kalanchoe ndi wa masamba onenepa, madzi amafuna ochepa, ndipo amachita maluwa nyengo yozizira chifukwa amadikira usiku utalike. Ngati pakhondepo pamayaka babu usiku wonse, akhoza kukula bwinobwino koma osachita maluwa, ndiye muikeni kumene kuwalako sikufika. Awiriwanso si odya, mwana asawafikire.

Pa vinca ndigwirizane ndi Abiti. Duwali kwawo ndi ku Madagascar, ndipo m'chomera chimenechi asayansi anapezamo mankhwala a khansa otchedwa vinblastine ndi vincristine. Vincristine amathandiza kuchiza khansa zina za ana. Zimenezi zikusonyeza mphamvu imene ili m'masambamo. Ndamvapo anthu akuuzana kuti aziwiritsa n'kumamwa pofuna kutsitsa shuga. Chonde musayese, ndipo mwana asatafune.

Limodzi lokha ndikupempheni kuti musadzale: lantana. Ogulitsa ena amamuika m'machubu chifukwa timaluwa take ndi tokongola ndipo safa. Koma mbalame zimamwaza njere zake, amalanda tchire ndi malo odyetsera ziweto, ng'ombe zikadya masamba ake zimadwala, ndipo tizipatso take tatiwisi ndi poizoni kwa ana.

NaBanda

Zikomo kwambiri nonse, mwandimasula. Che Wamaluwa, zoti portulaca azitseka ine ndisanafike sindikanaziganiza. Abiti, ndamva, a utomoniwo adikire kaye, ndipo coleus ndidzabwera kudzatenga. Aphunzitsi, choko ndili nacho, Loweruka lino ndiyamba.

Ndiye kumaso ndiika bougainvillea mmodzi pakona, vinca wopachika, zinnia ikadzakwana nthawi yake. Kuseri fern, coleus, crossandra ndikamupeza, ndi peace lily m'mwamba.

Ndili ndi mafunso ena anayi. Pamwamba pa dothi ndi m'mphepete mwa mphika wa fern pachita zoyera zouma ngati phulusa, n'chiyani? Kachiwiri, aneba anandipatsa hibiscus sabata yatha, koma m'mphanda mwa nthambi muli tinthu toyera tonga thonje ndipo nyerere zikukwera ndi kutsika. Ndimutaye? Kachitatu, pa Khrisimasi ndidzachoka pafupifupi sabata, palibe wotsala pakhomo. Nditani? Feteleza wa kumunda ndili naye pang'ono, urea, ndingathireko?

Che Wamaluwa wa ku Nkope

Abiti anena zoona pa za mwana, tsatirani zimenezo.

Zoyera za pamphikazo ndi mchere wa m'madzi a pamjigo. Madzi akauma mchere umatsala, ndipo mukamathira pang'onopang'ono tsiku lililonse umangounjikana mpaka kuwotcha mizu. Nsonga zopsa za fern zija mbali ina ndi umenewo. Palani dothi la pamwambalo ndi supuni, mutaye, muikepo latsopano. Kamodzi pamwezi tengerani mphika pabwalo n'kuthira madzi ambiri abwino mpaka atuluke pansi kwa kanthawi, mchere upite nawo. Mvula ili pafupi, ikani diramu kapena ndowa pansi pa malata, koma madzi oyamba otsuka fumbi la padenga muwasiye apite, ndipo diramuyo muzivundikira. Madzi amvula ndi a pampopi muzisungira fern, peace lily ndi spider plant, amenewa mchere sagwirizana nawo. Bougainvillea, vinca ndi portulaca a pamjigo amamwa popanda vuto lalikulu.

Hibiscus musataye, koma lero lomwe mumuchotse pafupi ndi anzake. Tinthu toyerato ndi tizilombo toyamwa madzi a chomera, a mtundu umodzi ndi kodikodi wa chinangwa. Timatulutsa timadzi totsekemera, nyerere zimabwerera timeneto ndipo zimatiteteza, nthawi zina kutinyamula kupita nato ku chomera china. Nthambi zimene zadzaza kwambiri dulani mukatenthe. Zotsalazo pukutani ndi kansalu konyowetsa m'madzi a sopo wamtanda, kenaka sinjani masamba a nimu odzaza manja awiri, muwaviike m'malita awiri a madzi usiku wonse, musefe, musungunuliremo kachidutswa ka sopo, n'kuwaza madzulo dzuwa litapepa, pansi pa masamba ndi m'mphanda momwe. Mubwereze sabata iliyonse mpaka titatha, chifukwa mazira amatsala. Nimu kuno simungamusowe. Dziwaninso kuti hibiscus ndi wakumwa madzi kwambiri, m'chilimwe amafuna tsiku lililonse, ndiye pa maluwa anu onse ameneyu ndiye adzakutangwanitseni. Malo ake ndi m'mphepete mwa khonde la kuseri, pa dzuwa la m'mawa.

Za ulendo wa Khrisimasi musade nkhawa kwambiri, nthawi imeneyo mumlengalenga mumakhala chinyezi. Bougainvillea mumuthirire tsiku lonyamuka, basi, sabata adzapirira. Miphika ina yonse yonyamulika musonkhanitse kuseri, mothithikana, pamthunzi, pamene madzi a padenga sagwera. Ikakhala pamodzi imasungirana chinyezi. Thirirani mokwanira, ikani mankhusu aja pamwamba. Kwa fern, peace lily, coleus ndi hibiscus tengani mabotolo apulasitiki a malita awiri, boolani kabowo kamodzi kakang'ono pachitsekero ndi singano yotentha, dzazani madzi, zikani chozondoka m'mbali mwa mphika. Muyese kaye mukadali pakhomo, chifukwa bowo likakula botolo limatha tsiku limodzi, likachepa dothi limalitseka.

Urea ayi. Ndi wa masamba, vinca ndi bougainvillea adzangobiriwira osachita maluwa, ndipo m'mphika sachedwa kuwotcha mizu. Manyowa amene mwasakaniza m'dothi akukwanirani miyezi itatu kapena inayi, kenako muzingowaza dzanja limodzi pamwamba. Mukapeza D Compound wa alimi a fodya, kotsina ndi zala zitatu n'kokwanira mphika waukulu, kamodzi pamwezi, m'mphepete kutali ndi tsinde, dothi lili lonyowa.

Bougainvillea ngati simukufuna kugula, pemphani nthambi zokhwima zonenepa ngati pensulo, zotalika chikhatho chimodzi ndi theka. Chotsani masamba a m'munsi, bayani theka lake m'machubu a mchenga wosakaniza ndi dothi pang'ono, muike pamthunzi kuseri. Dzalani zisanu kapena zisanu ndi imodzi chifukwa sizigwira zonse. Zikaphukira musafulumire kuokera, masamba amayamba kutuluka mizu isanakhwime. Dikirani miyezi iwiri kapena itatu mpaka muone mizu pansi pa chubu, ndipo pookera ng'ambani chubucho ndi lezala, osakoka tsinde.